Pamene Otsitsa Katundu Akana: Mabungwe a Apantchito ndi Nkhani ya Palestine



Dzina la Palestine timalimva kawirikawiri pa Jumu'ah a Sheikh akamatsogolera dua, ndipo ambiri a ife taonapo pa foni zithunzi za ku Gaza zimene munthu sangathe kuziyang'ana kawiri. Phunziro la m'kope lino likutenga mbali imene sitiikamba kwenikweni, ya anthu wamba apantchito, monga otsitsa katundu pa madoko, oyendetsa malole ndi ogulitsa m'masitolo, amene kudzera m'mabungwe awo alowererapo pa nkhaniyi. Talikonzera makamaka a Fomu 3 ndi Fomu 4, koma tikupempha makolo kuti muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ikathera pa khomo pathu pomwe.

Durban, 2009

Kuyambira pa 27 Disembala 2008 mpaka pa 18 Januwale 2009 kunali nkhondo ku Gaza. Anafa Apalestina pafupifupi 1,400 ndi Aisraeli 13. Mwezi wotsatira, sitima yapamadzi yotchedwa Johanna Russ inafika pa doko la Durban itanyamula katundu wochokera ku Israel, ndipo mamembala a SATAWU, bungwe la apantchito a zamtengatenga ku South Africa, analengeza kuti katundu ameneyo samukhudza. Mu Meyi 2021 anachitanso chimodzimodzi ndi sitima ya Zim Shanghai, ya kampani ya ku Israel yotchedwa Zim.

Wina angaganize kuti anthuwa anachita izi chifukwa cha chipembedzo. Ayi. Ambiri mwa iwo sanali Asilamu, ndipo mu Epulo 2008, chaka chisanathe n'komwe, bungwe lomweli linali litakana kutsitsa zida zankhondo mu sitima ya ku China ya An Yue Jiang. Zidazo zinkapita ku Zimbabwe pa nthawi imene dzikolo linali pa mkangano wa zotsatira za chisankho, ndipo sitimayo inachoka pa Durban osatsitsa kanthu. Mfundo yawo inali imodzi pa nthawi zonse ziwirizo: manja athu asathandize kupweteka anthu osalakwa, kaya ndi a ku Harare kaya ndi a ku Gaza.

Pano tiime kaye pang'ono, poti a Fomu 4 dzina ili mulidziwe. Bungwe loyamba lalikulu la apantchito akuda ku South Africa, la ICU, analiyambitsa mu 1919 ku Cape Town ndi Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay amene anaphunzira ku Livingstonia. Anayambira pa doko. Mu Disembala chaka chomwecho otsitsa katundu ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, komanso pokana kuti chakudya chizitumizidwa kunja pamene mitengo yake inali itakwera m'dzikomo. Choncho mwambo wa apadoko wofunsa kuti "katunduyu akupita kuti, ndipo akukachita chiyani?" uli ndi dzanja la Mmalawi pa chiyambi pake.

Chifukwa chiyani pa doko?

Katundu wambiri wa malonda a pakati pa mayiko amayenda panyanja. Ife tomwe feteleza, mafuta ndi galimoto zathu zimadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Sitima yaikulu ikaima tsiku limodzi osatsitsa, mwini wake amaluza ndalama zambiri, ndiye kagulu kochepa ka anthu odziwa kuyendetsa makina onyamulira makontena kakhoza kumveka kutali kuposa chikhamu choguba mumsewu.

Koma si chinthu chapafupi. M'mayiko ngati Britain ndi United States malamulo salola kunyanyala ntchito pa nkhani imene si ya pakati pa inu ndi bwana wanu. N'chifukwa chake ku Oakland, m'chigawo cha California, njira yake yakhala ina: anthu a m'deralo ndiwo amaima pa zipata za doko ndi zikwangwani, ndipo mamembala a bungwe la ILWU amakana kudutsa pakati pawo. Zinatero mu Juni 2010, asilikali a Israel atapha anthu 9 mu sitima ya Mavi Marmara imene inkapita ndi thandizo ku Gaza, zinateronso mu 2014 ndi mu 2021. Tsiku lotere wantchito akhoza kubwerera kunyumba osalandira kanthu.

Mwambowu unakula pa nthawi ya tsankho la ku South Africa. Mu 1984 nthambi yomweyi ya ILWU inakana kwa masiku 11 kutsitsa katundu wa ku South Africa pa doko la San Francisco, ndipo Nelson Mandela anawathokoza atafika ku Oakland mu 1990. Chitsanzo chimene ife timachikonda kwambiri ndi cha ku Dublin m'dziko la Ireland. Pa 19 Julayi 1984 Mary Manning, mtsikana wa zaka 21 wolandira ndalama mu sitolo ya Dunnes Stores, anakana kugulitsa zipatso za ku South Africa potsatira chigamulo cha bungwe lake. Anamuimitsa ntchito. Anzake ochepa anatuluka naye, nakhala panja pa sitolo ndi zikwangwani pafupifupi zaka zitatu, mvula ndi chisanu zili pamsana, mpaka mu 1987 boma la Ireland linaletsa zipatso ndi ndiwo zamasamba za ku South Africa kulowa m'dzikomo. Ophunzira, taonani msinkhu wake: ndi wa akulu anu amene analemba MSCE zaka zitatu zapitazo.

Pa 16 Okutobala 2023 mabungwe a apantchito a ku Palestine anapempha anzawo padziko lonse kuti asapange kapena kunyamula zida zopita ku Israel. Mabungwe a zamtengatenga ku Belgium anavomera mwezi womwewo, apadoko la Barcelona anatsatira mu Novembala, ndipo bungwe lina la apadoko ku India linatero mu Febuluwale 2024. Mu Juni 2025 apadoko la Fos pafupi ndi Marseille anakana kupakira kontena ya zipangizo za mfuti. Ku Italy zinafika pa sitalaka ya dziko lonse, pa 22 Seputembala ndi pa 3 Okutobala 2025.

Tisadzinamize. Nthawi zambiri sitima yokanidwa imakatsitsa pa doko lina, kapena mabwana amapeza aganyu n'kutsitsa usiku. Palibe nkhondo imene inaima chifukwa cha kontena imodzi. Chimene zochita zoterezi zimakwanitsa ndi kukweza mtengo wa kupitiriza ngati palibe chikuchitika, ndi kukakamiza boma kuyankha funso limene likadakonda kulizemba. Ku Ireland zinatenga zaka zitatu kuti zipatso zokha ziletsedwe.

Moyo wa wantchito wa ku Palestine

Mabungwewa samangoona nkhondo yokha. Amaonanso mnzawo wantchito, ndipo apa ndi pamene tikufuna mukhazikike.

Mu 1948, pamene dziko la Israel linkakhazikitsidwa, Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Iwo amatcha zimenezi Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu. Mu 1967 Israel inalanda Gaza, West Bank ndi East Jerusalem, kumene kuli mzikiti wa Al-Aqsa. Kuyambira pamenepo chuma cha maderawa chinamangiriridwa ku cha Israel. Mlimi amene munda wake walandidwa, kapena amene madzi othirira amupimira, amasanduka womanga nyumba za eni ake. Nkhondo ya 2023 isanayambe, anthu oposa 100,000 a ku West Bank ndi pafupifupi 18,500 a ku Gaza anali ndi ziphaso zogwirira ntchito ku Israel, ambiri pa zomangamanga ndi m'minda.

Munthu wotere amadzuka usiku kukadali bii kuti akaime pa mzere pa malo ochitira chipikisheni, m'tinjira ta zitsulo, kwa maola angapo asanafike pa ntchito. Kwa zaka zambiri chiphaso chinkalembedwa m'dzina la bwana mmodzi, ndiye kudandaula za malipiro kunali kuika chiphasocho pachiswe. Panabukanso madobadoba ogulitsa ziphaso, amene mwezi ndi mwezi ankadya gawo lalikulu la thukuta la munthu. Pamwamba pa izo, kuyambira m'ma 1970 pa malipiro a Apalestina pankadulidwa ndalama zopita ku Histadrut, bungwe lalikulu la apantchito ku Israel limene linakhazikitsidwa mu 1920, chonsecho iwo sanali mamembala ake enieni. Mu 1995 Histadrut inagwirizana ndi PGFTU, mgwirizano wa mabungwe a apantchito a ku Palestine, kuti theka la ndalamazo lizipita ku PGFTU. Panganolo silinayende bwino, ndipo panafunika lina mu 2008, mkhalapakati ali ITUC, bungwe limene limasonkhanitsa mabungwe a apantchito a padziko lonse.

Pambuyo pa 7 Okutobala 2023 zipata zinatsekedwa kwa ambiri ndipo ziphaso za a ku Gaza zinathetsedwa. Zikwi za antchito a ku Gaza amene tsikulo linawapeza ali ku Israel anatsekeredwa kwa masabata angapo, n'kubwezedwa wapansi kumayambiriro kwa Novembala, kulowa m'dera limene mabomba anali kugwa. Ambiri sanalandire ngakhale malipiro a masiku amene anali atagwira kale. Mu Seputembala 2024 mabungwe 10 a apantchito a padziko lonse anakasuma ku ILO, nthambi ya United Nations yoona za ntchito, pofuna malipiro a anthu oposa 200,000. Dandaulo lotere silituluka pa tsamba loyamba la nyuzipepala ngati sitima yokanidwa, koma kwa mayi wa ku Nablus amene mwamuna wake wakhala chaka osalandira, ndiyo nkhani yeniyeni. Tonse timakumbukira chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) chakuti wantchito alipidwe msanga, ntchito ikangotha.

Mabungwe sagwirizana pa zonse

Mukamayankha funso la mayeso musalembe ngati apantchito onse a padziko ali ndi maganizo amodzi. COSATU ya ku South Africa ili m'gulu la amene amatsatira pempho la mu 2005 la mabungwe a ku Palestine lakuti dziko lapansi linyanyale katundu ndi makampani a Israel monga linachitira ndi boma la tsankho. DGB ya ku Germany, chifukwa cha mbiri ya dzikolo ya kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni, ili pa ubale wakale ndi Histadrut ndipo kunyanyala sikugwirizana nako. ITUC imayesa kusunga mbali zonse pa mphasa imodzi, ikunena kuti yankho ndi mayiko awiri oyandikana. Palinso vuto limene silikambidwa mokweza: ena mwa mamembala a mabungwe a ku Britain ndi United States amagwira ntchito m'mafakitale opanga zida zomwezo, ndipo mtsogoleri amene akufuna kuti zida zisiye kupita amayenera kuyang'ana m'maso munthu amene ana ake amadya kuchokera pamenepo.

Ngakhale mkati mwa Israel muli mawu osiyanasiyana. Bungwe la Kav LaOved lakhala likuthandiza antchito a ku Palestine ndi ochokera kunja kulondola malipiro awo kuyambira mu 1991, ndipo bungwe la MAAN limalemba mamembala Achiarabu ndi Achiyuda pamodzi. Pa 2 Seputembala 2024 Histadrut yomwe inaitanitsa sitalaka ya dziko lonse pofuna kukakamiza boma la Benjamin Netanyahu kuti ligwirizane ndi Hamas za kumasula anthu ogwidwa, koma khoti linalamula kuti ithe masana a tsiku lomwelo.

Ife maganizo athu ndi awa. Kukana kunyamula zida zimene zikukagwa pa nyumba, zipatala ndi masukulu n'koyenera, ndipo sitikuona mtsutso wolimba wokana zimenezo. Nkhani yodula ubale ndi wantchito aliyense wa ku Israel ndi ina, ndipo anthu a mtima wabwino amasiyanapo maganizo. Tikufuna muzitha kufotokoza mbali zonse ziwiri musanasankhe yanu.

Mtendere wake uti?

Mabungwe ambiri akamalemba za nkhaniyi sanena "mtendere" pawokha, amati "mtendere wachilungamo". Chifukwa chake amachidziwa kuchokera ku ntchito. Pa esiteti pamene aliyense ali chete chifukwa choopa kuchotsedwa, bwana amati pali mtendere. Wantchito amadziwa kuti ndi mantha chabe, ndipo tsiku lina zidzaphulika. Pangano lokhalitsa ndi limene mbali zonse ziwiri zasainira zili chilili, osati ina itagwada.

Mfundo zake zinalembedwa kalekale. Chigamulo 194 cha United Nations cha mu 1948 chimakamba za othawa kwawo kubwerera kapena kulipidwa. Chigamulo 242 cha mu 1967 chimakamba za Israel kuchoka m'madera olandidwa, ndi ufulu wa dziko lililonse la m'chigawocho kukhala mwamtendere m'malire odziwika. Pangano la Oslo la mu 1993, limene Yasser Arafat ndi Yitzhak Rabin anagwirana chanza ku Washington, linasiya nkhani zovuta kwambiri, za Jerusalem, za malire ndi za othawa kwawo, kuti zidzakambidwe m'tsogolo. M'tsogolomo simunafike, ndipo pakadali pano Aisraeli okhala m'midzi yomangidwa ku West Bank ndi East Jerusalem achuluka kufika pafupifupi 700,000. Pa 19 Julayi 2024 khoti la padziko lonse la ICJ ku The Hague linapereka maganizo ake kuti kukhalabe kwa Israel m'madera olandidwawo n'kosemphana ndi malamulo ndipo kuthe msanga. Khoti lomweli likumvanso mlandu umene South Africa inasuma mu Disembala 2023.

Chilungamo chimafunanso kuti tiwerenge maliro onse. Pofika mu Julayi 2025 unduna wa zaumoyo ku Gaza unali utawerenga anthu oposa 60,000 ophedwa, ambirimbiri mwa iwo amayi ndi ana. Pa 7 Okutobala 2023 Hamas ndi magulu ena anapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel ndi kugwira ena pafupifupi 250. Mwa ophedwa tsiku limenelo munali antchito a m'minda ochokera ku Thailand ndi ophunzira zaulimi awiri a ku Tanzania, anyamata onga athu omwewa. Qur'an, mu Surah Al-Ma'idah ndime 8, imatichenjeza kuti kuipidwa ndi anthu ena kusatichititse kusiya chilungamo. Choncho pa sukulu pano sitilola mawu onyoza Ayuda monga mtundu. Mkangano uli pa malo, ufulu ndi zochita za boma. Ayuda ambiri ku New York ndi ku London aguba nawo pokana nkhondoyi, ndipo pakati pa Apalestina pali Akhristu a ku Bethlehem ndi ku Gaza amene akuvutika limodzi ndi Asilamu.

A komiti ya mzikiti mudzakumbukira Hilf al-Fudul. Utumiki usanayambe, wamalonda wina wa ku Yemen anagulitsa katundu kwa munthu wotchuka wa ku Makka, Al-As ibn Wa'il, amene anakana kulipira podziwa kuti mlendoyo alibe fuko lomuimira. Mafuko angapo anasonkhana m'nyumba ya Abdullah ibn Jud'an napangana kuima ndi aliyense woponderezedwa mu mzindawo, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo, mpaka atalandira zake. Mtumiki (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) analipo ali mnyamata, ndipo atakula anauyamikirabe mgwirizanowo, ngakhale amene anaupanga sanali Asilamu. Otsitsa katundu a ku Durban ndi ku Barcelona mwina sanamvepo dzina limeneli, koma ife tikawaona sitiyenera kudabwa.

Pa khomo pathu

Apalestina atatsekeredwa kunja, ndipo zikwi za antchito a ku Thailand zitabwerera kwawo, minda ndi zomangamanga za ku Israel zinasowa anthu. Boma lake linayang'ana ku India, ku Sri Lanka ndi kuno. Mabungwe akuluakulu 10 a apantchito ku India anakana poyera mu Novembala 2023, ponena kuti anthu awo asagwiritsidwe ntchito kulowa m'malo mwa Apalestina. Mwezi womwewo achinyamata 221 a ku Malawi anakwera ndege kupita ku minda ya ku Israel, ndipo ena anatsatira. Mu Epulo 2024 dziko lathu linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Mu Seputembala chaka chomwecho, mayiko 124 atavomereza ku United Nations kuti Israel ichoke m'madera olandidwa, Malawi inali m'gulu la mayiko 14 okana. Amene mumaphunzira mbiri mukumbukira kuti mu 1967 boma la Dr Banda linatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa pamene mayiko ena a mu Africa ankalisala.

Sitikulemba izi kuti tiloze chala mnyamata amene anapita. Amene ali ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama, ntchito kulibe, kwacha yagwa, ndipo kunyumba akumuyang'ana, sasankha ali pa mtendere. Agogo athu ambiri anapita ku Theba ndi ku Wenela pa zifukwa zomwezi, nakakumba golide wa boma limene linkazunza anthu akuda anzawo, ndipo ndalama zawo zinamanga nyumba za malata ndi kulipira fizi m'midzi yathu. Enanso sanabwerere, monga aja anafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974.

Komabe mwana wanu akabwera ndi fomu yopitira ku Israel, khalani naye pansi musanagulitse ng'ombe kapena munda. Mufunseni kuti ntchito imene akukagwirayo ankagwira ndani chaka cha 2023 chisanafike, ndipo munthuyo ali kuti lero. Funsani kuti mundawo uli dera liti: pafupi ndi malire a Gaza kapena a Lebanon, kapena m'malo olandidwa a ku West Bank. Onani ngati kontrakiti yalembedwa m'chinenero chimene akumva, ngati ikunena malipiro, maola ndi zimene zizidulidwa, ngati pasipoti azisunga yekha, ndiponso amene adzalipire tikiti zinthu zikavuta. Dziwaninso kuti chiphaso chake chimamumanga ku ntchito ya m'munda: mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuno atapezeka kuti asiya minda n'kukagwira ntchito kwina. Wolemba anthu ntchito amene akukwiya ndi mafunso amenewa wakuyankhani kale.

Kwa a Fomu 3 ndi Fomu 4, ntchito yanu ndi iyi. Pezani munthu wamkulu m'dera lanu amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku South Africa, kapena amene ali membala wa bungwe la apantchito, kaya la aphunzitsi, la anamwino kapena la m'minda ya tiyi ndi nzimbe. Mufunseni mwaulemu ngati anakanapo lamulo la bwana chifukwa cha mnzake, ndipo zinamutayitsa chiyani. Lembani masamba awiri osatchula dzina lake, n'kuyerekeza zimene wakuuzani ndi chimodzi mwa zitsanzo za m'phunziroli. Zolembazo mupereke kwa aphunzitsi a mbiri pasanathe masabata awiri, ndipo tidzakambirana Lachisanu lotsatira ikatha Jumu'ah, in shaa Allah. Makolo ndi a komiti amene mungapeze mpata, mipando ya kutsogolo tidzakusungirani.